Dzina la Misozi Lili Kuti pa Pepala Lija?

Nabvutika, Chipata
Lachinayi masana

Tamala mwana wanga,

Watuluka kupita ku tauni kukagula tikiti ya basi ndi kukalukitsa tsitsi, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe izi usanabwere. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma ndimakudziwa. Ndikangotsegula pakamwa umayamba kuseka, ati amama mwayambanso zanu zija. Kalata sungaidule mawu. Dzanja langa linazolowera makina otayipira, bolopeni imandivuta, choncho ukaona zilembo zokhotakhota upirire, uwerenge mpaka kumapeto.

Mawa ukukwera basi ya ku Lusaka, mkuja ndege, kukayamba digiri yako yaikulu ya za makompyuta m'gulu la aprofesa aja amene mwakhala mukulemberana nawo. Ndakondwa, usakayike. Kutchalitchi ndauza aliyense, mpaka ena akandiona akubwerera njira. Koma mtima wanga sunakhale pansi kuyambira Lolemba, pamene unasiya pepala lanu la kafukufuku pa tebulo iwe uli kosamba. Ndingati sindinafune kusuzumira, koma likhala bodza, ndinafuna. Za m'kati mwake sindinamve kanthu, manambala okhaokha ndi zithunzi za masamba a nshawa. Koma ine ndinatayipa mapepala otere zaka zambiri, ndipo wotayipa amayamba ndi mayina. Ndinawerenga asanu. Loyamba la aprofesa, atatu otsatira a anthu amene sanapondepo dothi la ku Kasenengwa, iwe wachisanu. La Misozi mulibe.

Misozi yemweyu, mnzako wa ku koleji, amene mwakhala naye pa tebulo ili zaka ziwiri mukulemba pulogalamu yoti foni ikajambula tsamba la nshawa izitha kunena ngati lagwidwa matenda a kadukutu. Amene ankapita nawe ku Kasenengwa Loweruka lililonse la dzinja, kubwerako matope mpaka m'mawondo. Amene amayi a kumeneko ankamulola kulowa m'minda yawo chifukwa ndi mdzukulu wa katekisiti wawo, pamene iwe mwana wa m'tauni ankangokuyang'ana cham'mbali. Tsiku lija pulogalamu inkangonena kuti tsamba lililonse lachikasu ndi lodwala, iwe unatseka laputopu n'kukagona chafufumimba. Anapeza polakwika ndi Misozi, ine ndili pompo ndikusenda mbatata.

Nditakufunsa unandiyankha ukupukuta kumutu, osandiyang'ana. Unati aprofesa akuti mayina achuluka, Misozi adzathokozedwa kumapeto m'tizilembo ting'onoting'ono. Unati iye sali pa yunivesite iliyonse, amangophunzitsa ku sekondale, dzinalo silingamupindulire kanthu. Kenako unandiphunzitsa ngati ndine wa giredi wani, kuti masiku ano palibe amafufuza yekha, kuti a makompyuta amene amagwira ntchito m'magulu akuluakulu ndi amene amatulutsa mapepala ambiri, ndipo mapepalawo ndi amene amawerengedwa munthu akafuna ntchito kapena kukwezedwa.

Zimenezo sindikutsutsa. Ndinakulira ku Tamanda, dima ndimalidziwa. Makasu makumi awiri amamaliza tsiku limodzi munda woti munthu mmodzi angalime mwezi. Koma opita ku dima amadziwiratu kuti munda ndi wa uje, iwo chawo ndi thobwa, chimanga chidzalowa m'nkhokwe ya mwini. Dima lanulo ndi limene ndikulikayikira, chifukwa aliyense akuuzidwa kuti munda ndi wathu tonse, koma palibe akutchula za nkhokwe. Ndiye mvera zolakwa zanga zitatu. Ndazisunga nthawi yaitali ndipo sindikuzinyadira.

Choyamba. Nditangoyamba ntchito yotayipa ku bungwe lina lofufuza za mbewu, limene linatsekedwa kalekale iwe usanayambe sukulu, ndinkakhulupirira kuti dzina likakhala pa pepala ndiye kuti mwini wake wakhetsa thukuta. Abwana athu aakulu dzina lawo linali pa pepala lililonse lotuluka mu ofesi ija, la chimanga, la thonje, la nshawa, ngakhale la mbewa zowononga m'nkhokwe. Ndinkawagomera koopsa. Ndinkauza atate ako kuti munthu uja sagona, mutu wake si wa pano. Tsiku lina akukonzekera kupita ku msonkhano ku Lusaka anabwera pa tebulo langa, n'kundifunsa monong'ona kuti pepala la thonje lija kwenikweni likunena chiyani. Ine wotayipa! Ndinawafotokozera zimene ndinkakumbukira, iwo akulemba kuseri kwa envulopu. Anapita, anakalankhula, anthu anawomba m'manja. Kuyambira pamenepo ndikamva kuti uje watulutsa mapepala ambirimbiri, ndimayamba ndafunsa kuti ali ndi anthu angati pansi pake.

Aprofesa akowo ndawaonapo kawiri pa laputopu yako. Amaseka bwino, mano oyera, ndipo ndinamva akunena kuti gulu lawo ndi banja limodzi. Mawu amenewo anandinyansa. Kulikonse kumene ndinauzidwa kuti pano ndife banja, panali wina amene ankadya mkute. Mwina ndi munthu wabwino, sindikuwadziwa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukafika uwayese mwaulemu. Uwafunse kanthu kakang'ono ka m'kati mwa pulogalamu yanu, kamene munthu woti anaiwerenga sangalephere kuyankha. Ufufuzenso za ophunzira amene anadutsa m'manja mwawo, ali kuti lero, ndipo pa ntchito imene anagwira okha dzina lawo linakhala pati. Usafunse amene adakali m'gulumo, amenewo ali ndi mantha. Ufunse amene anachoka.

Chachiwiri ndi chimene ndinalakwira atate ako, ndipo ndikuchilemba kuti usaganize kuti ndikukuuza kuti uzikhala wekha ngati kadzidzi. Ukukumbukira thiranki yobiriwira imene inkakhala kunsi kwa bedi lathu. Munali makope awo. Kwa zaka zambiri akuphunzitsa masamu, atate ako ankasonkhanitsa mawu a Chinyanja ofotokozera masamu, kuti mwana wa kumudzi asamagwe mayeso chifukwa cha Chizungu chabe. Makompyuta atayamba kufika m'masukulu anayambanso kusaka mawu a zimenezo. Ndiye kunabwera aphunzitsi awiri pakhomo pano, anzawo akale, kudzapempha kuti aphatikize ntchito, atulutse buku limodzi. Atate ako anakondwa ngati mwana. Alendo atangopita ine ndinawakalipira. Ndinati anthu amenewa aona kuti mwalima kale, akufuna kudzangokolola. Iwo anati, "Mkazi wanga, mutu umodzi susenza denga." Ine ndinawayankha kuti denga likakwera ogonamo ndi ena. Ndinali ndi chifukwa changa chimene sindinawauze, ndikuuza posachedwapa.

Anandimvera, mwatsoka. Aphunzitsi aja anapeza anzawo ena atatu, ndipo chaka chisanathe anatulutsa kabuku kawo, kopyapyala, kolakwika malo ambiri. Atate ako ankakawerenga akugwedeza mutu, akulemba ndi pensulo m'mphepete. Koma kabuku kolakwikako ndi kamene kanalowa m'makalasi, ana n'kumaphunzira. Makope abwino aja a atate ako anakhala m'thiranki kudikira tsiku loti adzamalize okha, ndipo munthu mmodzi wokhala ndi makalasi asanu samaliza. Pankafunika wina wowauza kuti apa pakwana, tiyeni titumize. Maliro a atate ako atatha ndinatsegula thiranki ija. Chiswe chinali chitalowera pansi pomwe panachita dzimbiri. Ndinapeza dothi ndi zikuto. Ndinalira kuposa tsiku la maliro, chifukwa ichi ndinachita ndine.

Choncho gwira nawo ntchito anzako, Tamala, ndikubwereza, gwira nawo ntchito. Uwaonetse zimene walemba zisanakhwime, akudzudzule, nawenso uwadzudzule. Pulogalamu yanu ija ikanakhala ya iwe wekha bwenzi mpaka lero ikutcha tsamba lililonse lodwala. Koma nkhani ya mayina muzikambirana ntchito isanayambe, osati itatha. Ikatha aliyense amakumbukira kuti ndi iye anabweretsa nzeru. Mukagwirizana pakamwa, iwe ubwerere pa laputopu ulembe imelo yaulemu yonena kuti monga tinapangana, wakuti achita chakuti, mayina adzakhala motere. Asakunyengerere kuti zimenezo n'zosakhulupirirana. Usamale ndi munthu wokuuza kuti bwera ndingokukonzera Chizungu, chifukwa ena amakonza timawu tiwiri n'kudziika pamwamba pako. Usamalenso ndi wokuuza kuti ndiike pa lako, nanenso ndikuika pa langa. Mapepala adzachuluka ndithu, koma tsiku lina udzaimirira pa msonkhano kufunsidwa za ntchito imene sunaione, ndipo sipadzakhala wotayipa wokunong'oneza. Zithunzi za minda ya amayi a ku Kasenengwa usangozikhuthula zonse tsiku lofika ngati mkamwini wofuna kukondweretsa apongozi. Uyambe wamva kuti zikagwira ntchito yanji, ndipo amayiwo adzapindula chiyani.

Chachitatu sindinauzepo munthu, ngakhale atate ako, ngakhale abusa.

Ku bungwe kuja kunali bambo wina, a Sakala, a ku Kasenengwa konko. Sanapite patali ndi sukulu. Ntchito yawo inali yoyang'anira timinda toyeserapo mbewu, kuwerenga mapesi, kulemba m'kope. Nyengo zinayi anawerenga nshawa phesi ndi phesi, dzuwa ndi mvula. Ndi iwo anayamba kuona kuti nshawa zobzala msanga ndiponso mothithikana sizigwidwa kwambiri kadukutu, n'kukauza ofufuza aja, amene poyamba anawaseka. Atayesa anapeza kuti n'zoona, ndipo analemba pepala. Wofufuza wachinyamata amene analemba ndi dzanja anaika dzina la a Sakala lachitatu. Ine ndinatayipa momwemo, ndi kaboni pansi monga mwa nthawi zonse, kuti patsale kope la mu ofesi.

A Sakala anamva. Anabwera ku ofesi atavala jekete la ku tchalitchi, chipewa chili m'manja, n'kuima patali ndi tebulo langa kuopa kudetsa. Anati, "Mayi, akuti dzina langa lili pa pepala. Mwalilemba bwino? Ndikufuna ana anga akaone." Ndinawaonetsa. Analiloza ndi chala osakhudza pepala, anaseka, anapita.

Patapita masiku awiri abwana aakulu aja anabwera ndi tsamba loyambalo. Anati mayina achuluka, komanso kumene likupita amafuna anthu a madigiri, ndiye ndichotse lachitatu, bamboyo adzathokozedwa kumapeto. Wamva mawu amenewo, Tamala? Anachuluka kale mayina, iwe usanabadwe. Wofufuza wachinyamata uja anali pomwepo, anangoyang'ana nsapato zake. Ine ndinali ndi pakati pa mkulu wako, nyumba inali ya bungwe, ndipo ndinadziuza kuti wotayipa ndi dzanja chabe. Ndinatsegula kabotolo ka tipeksi, mankhwala oyera aja ofufutira zolakwa, ndinapaka, ndinauzira kuti ziume. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Pomaliza ngakhale kuthokoza kuja kunasanduka mzere wonena kuti tikuthokoza ogwira ntchito m'minda, wopanda dzina la munthu.

Chaka chotsatira kunatuluka malo a woyang'anira minda yonse, ndipo anati akufuna munthu amene ntchito yake ikuoneka pa mapepala. A Sakala anapita molimba mtima kukanena kuti lawo lilipo. Anawatsegulira pepala losindikizidwa. Ine ndinali chipinda chinacho, ndinamva zonse, ndinapitiriza kutayipa mwamphamvu kuti makina asokose. Malo anapatsidwa wina wochokera kutali amene sankasiyanitsa nshawa ndi nzama. Bungwe litayamba kuchepetsa anthu, a Sakala anali m'gulu loyamba kuchotsedwa. Kope la kaboni lija ndikanatha kulitulutsa tsiku lija anadzanena za dzina lawo. Linali mu dirowa yanga, pafupi ndi bondo langa.

Ndinadzakumana nawo patapita zaka, ku msika, akugulitsa nshawa pa thumba. Ndinafuna kuzemba koma anali atandiona kale. Anandilonjera mwaulemu, anandifunsa za ana, anandiyezera n'kuwonjezera mbasela yambiri. Ndikutembenuka anati, "Amayi otayipa aja. Dzanja lanu linali laukhondo, simunkalakwitsa." Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiyamikira kapena ankandiuza kuti akudziwa. Nshawa zija sindinadye, ndinapatsa aneba. Anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndinamva mochedwa, ndipo kunena zoona ngakhale ndikanamva msanga sindikanalimba mtima kupita. Ndi chifukwa chake ndinakaniza atate ako. Ndinkaona aliyense ngati wofufuta mayina, popeza ine ndinali nditafufutapo.

Tsono mwana wanga, ndikuuze mosabisa. Aprofesa ndikuwakayikira, atatu enawo ndikuwakayikira, koma amene akundisowetsa mtendere ndi iwe. Lolemba lija unamaliza ndi mawu akuti ine ndangotsatira zimene anena akuluakulu. Amenewo ndi mawu anga enieni. Unatengera ine kuyenda, unatengera ine liuma, sindikufuna utengerenso ichi. Ukuti dzinalo silingamupindulire Misozi. Wadziwa bwanji? Sabata yatha anandiuza ali kutsuka nane mbale kuti chaka chamawa akufuna kufunsira maphunziro ngati akowa, ndipo akudalira pepala lomweli. Anandiuza akumwetulira. Sakudziwa kanthu, ndipo ndikuganiza kuti iwe wakonza zoti adzadziwe uli kale kutsidya kwa nyanja, pa foni, pamene sungamuone nkhope.

Uganizirenso za iwe mwini. Gulu limene lavomera kufufuta wachisanu ndi chimodzi silidzavutika kufufuta wachisanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Akaona kuti pa Misozi unangoti chabwino, adziwa kuti ndiwe wotani, ndipo zaka zinayi zikubwerazi udzalemba mapulogalamu usiku ndi usana, mapepala a gulu adzachuluka monga unanenera, iwe uli kumchira kapena m'tizilembo ting'onoting'ono tija.

Unandiuza wekha kuti kumene mumasunga pulogalamu yanu, kompyuta imalemba yokha kuti mzere uwu walemba ndani, tsiku liti. Ndinachita chidwi, ndinati kani inunso muli ndi kaboni. Ndiye umboni ulipo. Koma umboni wokhala mu dirowa suthandiza munthu, ine ndikudziwa. Unati pepalalo litumizidwa kumapeto kwa mwezi. Nthawi ilipo. Uwalembere aprofesa lero, usanakwere basi, mwaulemu wonse umene tinakuphunzitsa. Uwaonetse mizere ya Misozi, uwauze kuti popanda iye ku minda kuja simukanalowa, ndipo upemphe kuti dzina lake libwerere. Ngati mayina achulukadi, pali atatu amene angafotokoze okha chimene anachita.

Sindikunamiza kuti n'zopanda ngozi. Akhoza kukwiya. Ukhoza kufika kumeneko atakutcha kale wovuta, ndipo thandizo la maphunziro ako lili m'manja mwawo. Zimenezi zandisowetsa chilakolako cha chakudya sabata yonse, chifukwa ndine amene ndikukutuma ku moto, ndipo ukapsa ndidzadziimba mlandu. Koma ngati ali munthu wabwino monga ukunenera, adzavomera, ndipo udzagwira nawo ntchito mtima uli m'malo. Akakana, udzakhala utawadziwa mwezi woyamba osati chaka chachinayi. Ine ndinasunga ntchito, ndinasunga nyumba, ndinakulerani, koma zaka zonsezi ndikaona munthu wogulitsa nshawa ndimawoloka msewu.

Zina zonse ukuzidziwa. Uzipemphera, uzidya, juzi lija uvale ngakhale ukuti n'lachikale. Uziimba foni Lamlungu, osati timauthenga ta mawu awiri.

Misozi wati afika cha m'ma faifi kudzakutsanzika, ndipo akukukazingira nshawa zoti udye m'basi. Ine sindimuuza kanthu, si ntchito yanga. Ndidzakusiyani awiri pa tebulo lomweli, ndikapita kwa aneba kukabwereka sefa imene sindikuifuna. Ukamuuze wekha, ukumuyang'ana.

M'envulopu muno mulinso pepala lopyapyala, lachikasu ndi ukalamba, uligwire bwino lingang'ambike. Ndi kope la kaboni lija. Tsiku lochoka ku bungwe ndinalibisa m'Baibulo, ndipo lakhala m'menemo zaka zonsezi. Tipeksi ndinapaka pa tsamba la pamwamba lokha, pansi sinafike. Ana a bambo Sakala sanalione. Upite nalo, ulisunge m'chikwama cha laputopu. Koma usanalipinde, dzina lachitatulo uliwerenge mokweza, ndimve ndili ku khitchini.

Ndine mayi ako,
Nelia